Mzere wa Dokotala wa ku Rasha

Lolemba, 12 Juni 1995

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, bedi lachisanu kuchokera pakhomo. Kope ili ndinagulira mapulani a maphunziro a Sitandade 2, koma poti ana anga 143 aja ndawasiya ku Bembeke, ndizilembamo za phazi. Ine Veronika, wogwira choko zaka 29, sindingagone chagada tsiku lonse ngati dzungu osalemba kanthu.

Chiyambi chake n'chochititsa manyazi. Masabata atatu apitawo ndinadzitema ndi khasu pachala chaching'ono cha phazi lamanzere ndikukumba mbatatesi kudimba. Sindinamve kuwawa kwenikweni. Ndinangomanga kansanza n'kumapita kusukulu. Lero akuti kusamva kuwawako ndiwo matendawo: shuga. M'magazi apeza 340, pomwe munthu wabwinobwino akuti sapitirira 120.

Mankhwala: jakisoni wa inshulini m'mawa ndi madzulo, penisilini kanayi pa tsiku, kutsuka bala kamodzi. Tiyi wopanda shuga. Mayo ine!

Mwana wathu Monika ali ku Blantyre ndi khanda la masabata awiri, ndiye wondisamalira ndi amuna anga, a Damiano. Amayi a kukhitchini ya magadiyani ayamba kale kuwaseka, bambo yekhayekha akukupiza moto pakati pa zitenje. Nsapato yanga yakumanzere inakana kulowa, ndabwera ndi imodzi. Inayo aiika m'chikwama chawo, akuti ndidzavala potuluka.

Lachiwiri, 13 Juni

Shuga 310. Mawindo awiri alibe magalasi, ndipo mphepo ya m'phiri imalowa ngati kwawo.

Ndamuona dokotala amene wodi yonse ikumunena. Ndi mtsikana, wakuda ngati ife tomwe, dzina lake Susan, koma onse amangoti Dokotala wa ku Rasha. Amavala thalauzi, ndipo amayenda ngati basi ikumusiya. Wafika pabedi langa, moni ayi, wavundukula bulangete, wagwira phazi, n'kufunsa kuti, "Kuwawa wapi?"

Ndinamuyang'ana monga ndimayang'anira mwana wolowa m'kalasi osagogoda. Ndinati, "Ndadzuka bwino, kaya inu adokotala?"

Sisitala Jesinta, namwino wamkulu wa wodi ino, anatembenukira kukhoma kubisa kuseka. Mtsikanayo sanamve n'komwe kuti ndamulasa.

Koma manja ake ndi abwino, pamenepo ndisaname. Bala watsuka yekha, modekha, osakwinya nkhope ndi fungo.

Bedi loyandikana nane muli a Nangozo, mayi wachikulire wa kufupi ndi malire a Mozambiki. Anagwa m'ngolo n'kuthyoka ntchafu, mwendo wawo aukoka ndi chingwe ndi kathumba ka mchenga. Pakamwa pokha sipanathyoke. Dokotala atawafunsa anati, "Ndili bwino ndithu." Atangotuluka, anayamba kubuula mpaka kuitana amayi awo omwalira.

Lachitatu, 14 Juni

Shuga 280. Lero ndi tchuthi, tsiku lokumbukira referendamu. Wodi ili zii.

Sisitala Jesinta andiuza mbiri ya dokotala uja akundibaya jakisoni. Mayi ake anathawa m'dziko muno mu 1965 ali ndi pakati pake, bambo ake atamangidwa pa zandale. Iye anabadwira ku Tanzania, udokotala anakaphunzira ku Rasha, ndipo Malawi wamuponda koyamba chaka chino. Amutumiza kuno miyezi isanu ndi umodzi kuti aphunzire kagwiridwe ka ntchito kakuno asanamulole kugwira payekha. Za mankhwala ndi za ku fiyeta, kochitira opaleshoni, akumuyang'anira a Rafaelo, kiliniko ofisa amene wakhala pano zaka makumi awiri. Za anthu akumuphunzitsa Sisitala. Lachisanu lililonse masana amakhala pansi atatu kuunika zimene zalakwika m'sabatamo.

"Mutu uli nawo," anatero Sisitala. "Koma malungo aakulu wawaonera kuno. Kwawoko anazolowera anthu owuma zala ndi chisanu."

Tsiku ngati lalero, zaka ziwiri zapitazo, ine ndinavotera nyali, achimwene anga a Gerevazio anavotera tambala. Zotsatira zitatuluka ndinawanena pamaliro, anthu ali thithithi, kuti ngakhale nkhuku za pakhomo pawo zinavotera nyali. Anthu anaseka, iwo sanaseke. Chichokereni tsiku limenelo timangopatsana moni wa pamsewu. Ndi iwo mwinimbumba wathu, ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi ku Linthipe.

Abambo a Monika anati, "Tiwatumizire uthenga alamu, adziwe kuti mwagonekedwa."

Ndinati, "Za kabala komweka? Asiyeni agulitse tomato."

Lachisanu, 16 Juni

Shuga 240. Anandijambula phazi dzulo. Aphunzitsi anzanga abwera ndi botolo la sobo ndi masikono, zonse zoletsedwa. A Nangozo andithandiza mwachifundo chachikulu.

Dokotala wandipeza ndikulemba. Atadziwa kuti ndine mphunzitsi, Chingerezi chinatuluka ngati madzi a pampopi. Anandifunsa kuti, "Bwanji aliyense ndikamufunsa m'mawa amati ali bwino, madzulo ndimamupeza akulira? Akundinamiza chifukwa chiyani? Sakundifuna?"

Ndinamuuza kuti akhale kaye pansi. Anakhala m'mphepete mwa bedi ngati pali singano.

"Palibe akukunamizani," ndinatero. "Munthu wongofika, woimirira, wosapereka moni, sitimuuza za m'mimba mwathu. Yambani mwafunsa kuti wadzuka bwanji, kunyumba wasiya bwanji, wabwera ndi ndani. Zinazo azinena yekha."

"Odwala 60, nthawi ndiitenga kuti?"

"Ine ndili ndi ana 143, ndipo aliyense ndimamutchula dzina."

Anaseka koyamba. Ali ndi kakope m'thumba la jekete lake loyera, anatulutsa n'kulemba. Akuti Sisitala anamuuzapo kale zomwezi, koma iye ankayesa kuti ndi zokometsera chabe. Tapangana kuti akamaliza ntchito azidutsa pano mphindi khumi, ndizimuwongola Chichewa. Mwana wasukulu ndamupeza ngakhale muno.

Lolemba, 19 Juni

Thupi latentha, 38.9. Zala ziwiri zada bii.

Sisitala apita ku Lilongwe kukatenga mankhwala, a Rafaelo ali kuchipatala chaching'ono kumudzi. Dokotala wabwera yekha. Moni wapereka, wakhalanso pansi, koma zimene wanena zandiopsa. Zala ziwirizo zafa, fupa la pansi pake layamba kuola. Ayenera kuzichotsa Lachinayi, apo ayi matenda akwera mwendo. Magazi anga achepa, 7, ndiye pakufunika mabotolo awiri, ndipo muno mulibe osungira. Opereka ndi achibale.

Anatembenukira kwa abambo a Monika n'kuwafotokozera zonse, ine ndikumasulira. Iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndamva, adokotala." Iye anamwetulira, nalemba kuti banja lavomera.

Ine ndinadziwa kuti banja silinavomere. A Damiano ndi mkamwini. Akhala pamudzi pathu zaka 31, anamanga nyumba ya malata, anadzala mapichesi mzere wonse, koma za mpeni pathupi langa sangayankhe okha. Zimenezo ndi za achimwene. Ndinadziwa, koma sindinamuuze dokotala. Chisoni ndi mantha zinandigwira, ndiponso kunyada.

Lachiwiri, 20 Juni

Ndasaina chikalata ndekha, dzina lonse, mochita kukometsera. Ndinati, "Ino ndi nthawi ya matipate, munthu amadzisankhira."

Abambo a Monika awayeza kuti apereke magazi, awakana, akuti nawonso ndi ochepa. Aphunzitsi anzanga atamva kuti magazi amayamba ayezedwa kaye matenda atsopanowa, aliyense wapeza chifukwa: wina chimfine, wina mpingo. Sindikuwada. Tatumiza uthenga kumudzi kwa anyamata atatu a mng'ono wanga.

Lachitatu, 21 Juni

Anyamata sanabwere. Abwera achimwene.

Uthenga unawapeza ku Linthipe utapindika kale: akuti mkamwini wapereka mwendo wa mlongo wawo kwa dokotala wachilendo kuti aphunzirirepo kudula. Analowa m'wodi nthawi yoona odwala, jekete lawo lakumaliro lija, galimoto ya matola ikudikira panja. Ine sanandiyang'ane. Anati, "Alamu, longedzani katundu. Wodwala akupita kwawo."

Abambo a Monika anati, "Alamu, tiyeni tikhale pansi kaye."

"Mukundikhazika pansi lero? Pogoneka munthu munandikhazika pansi? Posaina munandikhazika pansi?"

Pomwepo dokotala anatulukira. Atamva kuti akufuna kunditenga, anaima pakati pa iwo ndi bedi, dzanja m'chiuno, n'kunena m'Chingerezi mokweza kuti, "Inu ndinu ndani? Wodwala wasaina yekha, mwamuna wake wavomera. Inu mulibe mbali pankhani iyi. Tulukani, mukusokoneza wodi."

Achimwene anafika Sitandade 8 yakale, Chingerezi amamva bwinobwino. Amayi a wodi yonse anali maso tong'o. Anayankha m'Chichewa, motsitsa mawu, ndipo kutsitsako ndi kumene kunandiopsa.

"Chabwino. Ndilibe mbali. Dulani. Koma mwana wa mbumba yanga aliyense asapereke magazi ngakhale dontho. Ndipo inu alamu, chikachitika chinthu pa mlongo wangayu, dzuwa lisadzakulowereni pamudzi paja."

Anatuluka. Dokotala anandiyang'ana ngati wandipulumutsa. Ndinamuuza kuti chikalata chija aching'ambe, mawa sindipita ku fiyeta. Anandifunsa katatu chifukwa chake. Ndinatembenukira kukhoma.

Lachinayi, 22 Juni

39.2. Shuga 300.

Dokotala wabwera maso ali ofiira. Sanalankhule zambiri. Watenga bolopeni ya buluu n'kujambula mzere kuzungulira phazi, pafupi ndi kakolo. Akuti kufiira kwa bala kukadutsa mzere umenewu, sadulanso zala, adula mwendo pansi pa bondo. Ndayeza ndi dzanja langa. Pakati pa kufiira ndi mzerewo patsala mpata wa zala zinayi za kudzanja.

A Nangozo akuti anamuona pawindo akulira kuseri kwa thanki ya madzi. Sisitala abwerako, akuti wawauza kuti mwina analakwitsa kubwera ku Malawi.

Abambo a Monika ndawapeza atatulutsa nsapato ija m'chikwama, akungoiyang'ana. Atandiona anaibweza msangamsanga. Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti ndisadzakane.

Lachisanu, 23 Juni

Patsala zala zitatu.

Msonkhano wawo wa Lachisanu lero achitira pabedi langa. A Rafaelo, bambo wadazi wolankhula ngati akuwerenga kalata, anakoka benchi n'kunena kuti, "Adokotala, phunziro la lero ndi ili lagona apali. Ifenso talakwa. Takuphunzitsani za malungo ndi za kaperekedwe ka mankhwala, koma sitinakuuzeni kuti wodwala wakuno amakhala ndi mwini wake."

Ndinamufotokozera dokotala monga ndimachitira ndi ana. Kwathu kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi. Mkazi, abale ake aakazi ndi ana awo onse ndi mbumba, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wawo wamwamuna. Ukwati, mlandu, matenda aakulu, maliro, zonse zimayamba zafika kwa iye. Mwamuna wanga akanati inde payekha, ine n'kufera ku fiyeta, mudzi wonse ukanati wandipha ndi iyeyo.

Dokotala anakwiya. "Koma mwendo ndi wanu! Lamulo likuti wosankha ndinu."

"Mwendo ndi wanga, ndipo ndasankha kale," ndinatero. "Koma ndikatuluka muno ndikauponda ku Bembeke, osati ku Rasha."

A Rafaelo anati, "Chilolezo cha lamulo tili nacho. Chimene tilibe ndi magazi ndi mtendere. Mawa tipita ku Linthipe, ine, inu ndi a Damiano. Galimoto ya chipatala ikupita komweko ndi katemera."

"Ndikanene chiyani? Ndinamuthamangitsa pamaso pa anthu."

Apa Sisitala anati tiyeserere. A Nangozo anadzipereka okha kukhala a Gerevazio. Anawaveka chipewa cha abambo a Monika ali chigonere, mwendo uli m'mwamba. Ine ndinabwereka dokotala chitenje changa cha Amayi Akatolika, anamanga ngati akukulunga mtolo wa nkhuni. Anayandikira bedi n'kuyamba kuti, "Bambo, mwendo wa..."

A Nangozo anakulitsa mawu ngati ng'ombe. "Ndani ameneyu wandiimirira pamutu ngati bulugamu?"

Wodi yonse inafa nako kuseka, mpaka mayi wa opaleshoni wa pakona anagwira pamimba kupempha kuti tileke. Dokotala naye anaseka, misozi ili m'maso. Anabwerera pakhomo, nayambiranso. Kachiwiri anakhala pansi koma anaiwala moni. Kachitatu anapepesa, kenako n'kuwonjeza kuti "koma lamulo", a Nangozo anamuthamangitsa ndi chipewa. Kachisanu zinatheka: alole a Rafaelo ayambe, akhale pansi potsika, apereke moni, apepese popanda koma, anene kuti kuchipatala kuli matenda, afotokoze zonse osabisa, kenako apemphe maganizo n'kukhala chete.

"Kukhala chete mpaka liti?" anafunsa.

"Mpaka matako awawe," anatero a Nangozo.

Atabalalika, Sisitala anatsalira. Anati, "Aphunzitsi, mwana uja akukapepesa zake. Nanga zanu akapepese ndani?" Anandichititsa manyazi. Ndang'amba mapepala atatu m'kope lino ndisanapeze mawu. Papepala lachinayi ndalemba kuti: Achimwene, ndinakulakwirani pamaliro paja, ndipo ndalakwanso kusakuuzani za matendawa. Ndikuopa. Bwerani. Mlongo wanu, Vero.

Loweruka, 24 Juni

Zala ziwiri m'mawa. Anyamuka 8 koloko. Sindinadye.

Abwerako dzuwa litapendeka, ndipo izi andiuza ndi abambo a Monika. Anawapeza achimwene pamsika, pakati pa madengu a tomato. Achimwenewo anawaona bwinobwino koma anapitiriza kugulitsa ola lathunthu. Dokotala anakhala pa thumba la anyezi, chitenje chili m'chiuno, amayi a pamsika akunong'onezana. Sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi.

Kenako achimwene anawatengera kuseri kwa sitolo. A Rafaelo anayamba. Dokotala anapereka moni, napepesa m'Chichewa chake chothyokathyoka: "Bambo, ndinalakwa. Sindinadziwe inu ndani. Tsopano ndadziwa." Anajambula phazi papepala, mzere ndi kufiira, a Rafaelo akumasulira. Achimwene anafunsa ngati anadulapo zala za munthu. Anayankha kuti kambirimbiri, chifukwa ku Rasha chisanu chimapha zala chaka chilichonse. Anafunsanso ngati angalonjeze kuti sindifa. Anati sangalonjeze, koma akapanda kudula, mwendo upita ndithu.

Achimwene anawerenga kalata yanga kawiri n'kuipinda. Kenako anamufunsa kuti, "Nanga inu, mwinimbumba wanu ndani?"

Akuti dokotala anapukusa mutu. Anati sakudziwa. Mayi ake anamwalira ku Tanzania iye ali pasukulu, ndipo za kwawo sankanena, ankaopa. Chimene akudziwa n'chakuti anali Naphiri wa cha ku Mayani.

Achimwene anaika kalata ija m'thumba. Pomaliza anangoti, "Ndamva." Anabwerera ku tomato wawo.

Dokotala wadutsa pano madzulo, fumbi lili m'tsitsi. Anati, "Aphunzitsi, sanavomere, eti?" Ndinati sanakanenso. Tinayeza limodzi. Chatsala chala chimodzi ndi theka.

Lamulungu, 25 Juni

Chala chimodzi.

Itangotha Misa ya m'mawa ndinamva phokoso pakhonde. Achimwene, kumbuyo kwawo anyamata atatu a mng'ono wanga atandondozana ngati akupita kukalapa. Anapereka moni bedi lililonse kuyambira pakhomo. A Nangozo anawayang'anitsitsa n'kundinong'oneza kuti, "Ndinawatengera ndithu."

Achimwene anakhala pabenchi, nati ndivundukule. Ataona phazi anagwira pakamwa.

"Iwe Vero, mpaka kufika apa osandiuza?"

"Ndimaopa kuti mundiseka, achimwene."

"Kuseka ndikanakuseka. Koma ndikanabwera."

Ndinalira ngati mwana wa Sitandade 1. Iwo anayang'ana kudenga, akuti utsi wa kukhitchini ukulowa m'maso.

Anatuma mnyamata kukaitana dokotala kunyumba kwake. Anabwera chothamanga, atafika pakhomo anachepetsa liwiro, nalowa pang'onopang'ono. Anakhala pansi. Achimwene anati, "Adokotala, mbumba yakambirana. Chotsani zofazo, mutisiyire mlongo wathu ndi mwendo wake." Kenako anatembenukira kwa abambo a Monika. "Alamu, mawu aja ndinalankhula ndi mkwiyo, ndawabweza. Ndamva kuti mukuphika pakati pa amayi. Ine sindikanatha."

Ndasainanso chikalata china, iwo asaina m'munsi ngati mboni. Anapinda malaya kuti ayambe ndi iwo kupereka magazi, koma awakana chifukwa cha zaka, ndipo anakangana ndi woyeza magazi wa kulabu mpaka Sisitala analowererapo. Anyamata awiri apereka. Wachitatu anakomoka atangoona singano, ndipo ameneyo ndiye amadzitcha Rambo kumudzi.

Botolo loyamba likulowa pano ndikulemba. Mawa 9 koloko.

Lachiwiri, 27 Juni

Ndili moyo. Nditatsitsimuka dzulo ndinayang'ana kumiyendo. Bulangete linatukuka pawiri. Ndinagonanso.

Lachinayi, 29 Juni

37.4. Shuga 190. Achotsa zala ziwiri ndi kafupa ka pansi pake. Wodula anali dokotala, a Rafaelo ataima pambali, ndipo akuti sanapeze powongola. Kuwawa kulipo, koma ndikukondwa nako, chifukwa kukuchokera kuphazi.

Mzere uja unafufutika ndi mankhwala otsukira ku fiyeta. Kufiira kwabwerera m'mbuyo.

Lachinayi, 6 Julayi

Shuga 150. Ndaima koyamba, ndodo ziwiri m'khwapa, Sisitala mbali ino, abambo a Monika mbali inayo. Masitepe asanu ndi awiri, thukuta kamukamu m'chisanu chonsechi.

Ahedi abwera ndi makalata a ana. Wina walemba kuti, "Aphunzitsi bwerani, amene alipowa sadziwa maina athu." Zilembo zake n'zokhotakhota, ndikamuwongola ndikapita.

Maphunziro athu a mphindi khumi akupitirira. Dokotala tsopano amamaliza kuyendera wodi mochedwa ndi theka la ola, koma akuti madzulo samuitananso kawirikawiri, chifukwa anthu amanena zonse m'mawa. A Nangozo amamuuza ngakhale zosafunsidwa. Dzulo anamudandaulira za mpongozi wawo mpaka tiyi anazizira.

Lachitatu, 19 Julayi

Bala likutseka bwino. Andiphunzitsa kudzibaya inshulini ndekha, ndayeserera pa lalanje masiku atatu. Lero ndabaya pantchafu, sindinafe.

Sisitala andionetsa pepala limene amalembapo wodwala akamagonekedwa. M'munsi mwake awonjezera mizere iwiri ndi bolopeni: mwinimbumba ndani, ndipo wauzidwa? Akuti ndi maganizo a dokotala. A Rafaelo akufuna kuti dokotala aliyense wochokera kunja amene adzatumizidwe kuno, sabata yoyamba azikhala tsiku limodzi kukhitchini ya magadiyani, akungomvetsera. Ndinati amuwonjezere ndi ola limodzi la a Nangozo.

Lachisanu, 28 Julayi

Shuga 130. Ndikutuluka.

M'mawa agoneka mayi wina wa ku Linthipe pabedi la pakona, chotupa m'mimba. Ndinatchera khutu. Dokotala anakoka benchi, nakhala, nafunsa za kunyumba, za ana, za amene wamuperekeza. Kenako anati, "Amayi, achimwene anu kapena amalume anu adziwa kuti muli kuno?" Mayiyo anapumira m'mwamba n'kuyamba kufotokoza. Ndikanakhala ndi choko chofiira ndikanachonga.

Achimwene abwera kudzanditenga ndi galimoto ya matola yomwe ija. Abweretsa dengu la tomato la anamwino, ndi lina laling'ono la dokotala. Pomupatsa anati, "Ndili ndi makasitomala a ku Mayani. Ndawatuma afunse za Naphiri amene anachoka ali ndi pakati mu 1965. Mudzi susowa, tiupeza. Pakadali pano, nkhani yanu iliyonse, kaya matenda, kaya munthu wabwera kudzafunsira, izifikira kwa ine."

Dokotala analandira dengu ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono monga tinamuphunzitsira. Anafuna kuyankha, Chichewa chinamuthawa, Chingerezi chomwe. Anangoti, "Zikomo, amalume." A Nangozo anaimba nthungululu ali chigonere.

Kwamutsalira miyezi iwiri ya maphunziro. A Rafaelo akuti akamaliza apempha kuti asamusamutse. Ine ndamuuza kuti azibwera ku Bembeke Loweruka, Chichewa chake chikadali cha Sitandade 2.

Ndatsanzikana ndi a Nangozo, atsala ndi masabata atatu pachingwe chawo. Ndawasiyira shuga yense amene alendo anandibweretsera.

Nditakhala m'mphepete mwa bedi, abambo a Monika anagwada pansi n'kutsegula chikwama. Nsapato ija anaipukuta ndi polishi mpaka kuwala, ndipo kutsogolo kwake, mmene munkakhala zala ziwiri, anaikamo thonje limene anapempha kwa Sisitala. Anandiveka pang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso ngati ndikumva kuwawa. Inalowa.

Ndatuluka pakhomo la wodi ndi ndodo imodzi, achimwene kutsogolo, amuna anga pambali. Nsapato ndavala zonse ziwiri.